Chatsitsa dzaye mu mm/: kusaka ma bug a virtual memory mu kernel ya Linux

Kernel, mtima wa Linux, ikagwa chifukwa cha memori, dzina limene limatuluka pamwamba pa Oops, lipoti limene imalemba ikagwa, kawirikawiri si la wolakwa. Limakhala la mlendo amene wangoponda pamene wina anakumba dzenje kalekale. Mudzaona dzina la ext4, la draiva wa WiFi, kapena kmem_cache_alloc, ndipo dzanja lidzayabwa kuti muike kamzere kofunsa ngati pointer ndi NULL. Oops ija idzasowadi, koma mawa idzatulukira kwina itavala nkhope ina. Paja akulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mu mm/, foda ya khodi yoyang'anira memori, dzayelo limatha kutsika mphindi 20 njovu isanafike patsinde pa mtengo. Luso la ntchito imeneyi ndi kuchititsa kernel kulira nthawi yomweyo imene memori yawonongeka.

Koma khodi musaiimbe mlandu RAM isanafunsidwe. Malaputopu ambiri kuno ku Chipata ndi ogula kwa ena, RAM yake inadutsa m'manja angapo, fani inadzaza fumbi, ndipo kutentha kwa mu Okutobala sikuwachitira chisoni. Ikani Memtest86+ pa flash, muisiye izungulire kanayi. Chizindikiro cha RAM yodwala ndi pointer imene yasiyana ndi yolondola pa biti imodzi yokha, monga adiresi yoyenera kuyamba ndi ffff888 koma yayamba ndi fffb888. Khodi yolakwika siikonda kutembenuza biti imodzi, imapaka mabaiti athunthu. Onaninso mzere wa Tainted mu Oops. Chilembo P kapena O chikutanthauza kuti muli module yochokera kunja kwa kernel. Ichotseni, muone ngati vuto likadalipo. Chilembo D chikutanthauza kuti Oops imene mukuwerengayo si yoyamba. Bwererani m'mwamba mu dmesg, buku la mauthenga a kernel, chifukwa yoyamba yokha ndiyo ya phindu.

Kuwerenga Oops

Pa x86-64 memori imagawidwa m'ma page a mabaiti 4096. Adiresi imene pulogalamu imagwira si malo enieni mu RAM. Ndi nambala ya mabiti 48 imene purosesa imaidula zidutswa zisanu, zinayi za mabiti 9 ndi chomaliza cha mabiti 12. Zinayizo zimasankha mzere m'matebulo anayi otsatana, PGD, PUD, PMD ndi PTE. Tebulo lililonse lili ndi mizere 512 ya mabaiti 8, ndiye kuti limadzaza page imodzi ndendende. P4D imene mudzaione mu Oops ndi ya makina a matebulo asanu. Pa laputopu wamba ilibe ntchito yakeyake. CR3 imasunga pamene pali tebulo loyamba. Purosesa ikayenda m'matebulomo n'kupeza mzere wopanda kanthu, kapena woletsa chimene ikufuna kuchita, imaika adiresiyo mu CR2 n'kuitana kernel. Imeneyo ndiye page fault, ndipo zambiri si vuto ayi, kernel imangopereka page n'kubwerera ku ntchito.

Ikakhala yosakonzeka mumaona zotere:

BUG: kernel NULL pointer dereference, address: 0000000000000028
#PF: supervisor write access in kernel mode
#PF: error_code(0x0002) - not-present page

Adiresi 28 ikukuuzani kuti pointer ya struct inali NULL, ndipo khodi inafuna chiwalo chokhala pa baiti 0x28, ndiye kuti baiti 40. Lamulo la pahole -C dzina_la_struct vmlinux lidzakuonetsani chiwalo chake. Mu error_code, biti 0 ikakhala 0 ndiye kuti page kunalibe, ikakhala 1 page inalipo koma chilolezo chinakana. Biti 1 ndi kulemba, biti 2 ndi kuti wopalamula ndi pulogalamu wamba, biti 4 ndi kuyesa kuyendetsa khodi pamalopo. Choncho 0x0003 ndi kernel kulemba pa page yongowerenga. Mukaona 0x0001 pa adiresi yoyamba ndi 00007f, wina wagwira memori ya pulogalamu mwachindunji m'malo modutsira pa copy_from_user, ndipo SMAP, chitetezo cha purosesa choletsa zimenezi, chamugwira dzanja.

Adiresi yokha imanenanso kwawo. KASLR, imene imasinthasintha maadiresi a kernel poyatsa makina, ikazimitsidwa, ffff888 ndi RAM yonse monga kernel imaionera, ffffc9 ndi vmalloc pamodzi ndi ma stack a kernel, ffffea ndi kumene kumakhala ma struct page ofotokoza page iliyonse ya mu RAM, ndipo ffffffff81 ndi khodi ya kernel yeniyeniyo. Struct page iliyonse ndi mabaiti 64, choncho mukachotsa ffffea0000000000 n'kugawa ndi 64 mwapeza nambala ya page mu RAM.

Pali nambala zina zofunika kuziloweza ngati nambala ya foni ya amayi. 6b6b6b6b6b6b6b6b ndi memori ya slab, nkhokwe ya tizinthu ting'onoting'ono ta kernel, imene inamasulidwa kale. 5a5a5a5a ndi malo otsalira pakati pa zinthu za mu slab, amene sayenera kulembedwapo kanthu. Mabaiti a cc ndi bb ndi mpanda wozungulira chinthu, ndipo akasintha ndiye kuti wina walumpha malire. dead000000000100 ndi dead000000000122 ndi zimene list_del imasiya, kutanthauza kuti chinthu chachotsedwa pa mndandanda kawiri, kapena wina akuyendabe pa chochotsedwa. Zitatu zoyambazo sizioneka pokhapokha mutayatsa makina ndi slub_debug=FZPU. Ndipo adiresi ya 6b sibweretsa page fault. Si adiresi yovomerezeka pa x86-64, choncho imabwera ngati general protection fault. Mizere ya Call Trace idutsitseni mu scripts/decode_stacktrace.sh kuti ikhale mayina a mafayilo ndi manambala a mizere. Mizere yoyamba ndi ? ndi zotsalira za kale pa stack, musaidalire.

Malo oyesera

Osayesera pa kompyuta imene mukulemberapo khodi. Bug ya memori imatha kulemba zinyalala mu page cache, zinyalalazo n'kutsikira pa disiki. Gwiritsani ntchito QEMU, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza:

qemu-system-x86_64 -enable-kvm -smp 4 -m 1G -nographic -s -kernel arch/x86/boot/bzImage -initrd initramfs.cpio.gz -append "console=ttyS0 nokaslr oops=panic panic_on_warn=1"

Zotuluka zake zidutse mu tee kuti zisungike m'fayilo. Mawu awiri omalizawo amaimitsa kernel pa dandaulo loyamba, zinthu zisanasokonekere. -s imatsegula khomo 1234 kuti gdb ilowe. -smp 4 ndi -enable-kvm si zokongoletsa: mpikisano wa mapurosesa suoneka pa purosesa imodzi, ndipo popanda KVM, TLB, mmene purosesa imasunga maadiresi aposachedwa, imakhala yongoyerekeza ya QEMU, yosiyana khalidwe ndi yeniyeni.

Za bandulo ndi malaiti, poti tili Kum'mawa. Mbiri yonse ya git ya kernel ndi ma GB angapo, ndipo git bisect, yosakira commit imene inabweretsa bug, imaifuna yonse. Mmodzi akaikopera, ena atenge kwa iye pa flash ndi git bundle, pa intaneti azingokoka zatsopano. Ikani ccache kuti kumanganso kernel kuzifulumira. Malaiti akathima make ili mkati, mafayilo ena a .o amatha kutsala opanda kanthu koma ali ndi nthawi yatsopano, make n'kumawayesa abwino, linker n'kumadandaula zosamveka. Achotseni ndi find . -name '*.o' -size 0 -delete musanayambirenso.

Tsopano alonda. Yambani ndi make defconfig ndi make kvm_guest.config, kenako yatsani DEBUG_INFO, DEBUG_VM, KASAN, PROVE_LOCKING, DEBUG_ATOMIC_SLEEP, DEBUG_PAGEALLOC, PAGE_OWNER ndi PAGE_TABLE_CHECK. Atatu omalizawo amafunanso kudzutsidwa poyatsa makina: debug_pagealloc=on page_owner=on page_table_check=on.

Wamkulu wa onsewa ndi KASAN, imene inalowa mu Linux 4.0 mu 2015. Pa mabaiti 8 aliwonse imasunga baiti imodzi yonena ngati malowo ndi ololedwa kugwira, ndipo compiler imaika funso patsogolo pa kuwerenga ndi kulemba kulikonse. Imadya gawo limodzi mwa magawo 8 a RAM, liwiro limatsika pafupifupi katatu, koma lipoti lake limabwera ndi ma stack atatu: amene wagwira, amene anapempha memoriyo, ndi amene anaimasula. Werengani wachitatuyo poyamba. Funso si lakuti n'chifukwa chiyani uyu wagwira, koma n'chifukwa chiyani uja anamasula wina akadali ndi pointer. Pansi pa lipoti, fb ndi chinthu chomasulidwa, fc ndi mpanda, ff ndi page yonse yomasulidwa. Pa makina amene akutumikira anthu, monga seva ya pa ofesi, KASAN ndi yolemera. Kumeneko ikani KFENCE ya mu 5.12, imene imalondera chinthu chimodzi pa mamilisekondi 100 aliwonse ndipo imagwira wakuba mwa kudekha.

KASAN ili ndi khungu lake. Imaona zimene khodi ya kernel ikuchita basi. Chipangizo cholemba mu RAM mwachindunji kudzera pa DMA, KASAN siichiona, ndiponso pulogalamu yolemba kudzera pa PTE yakale, mzere wa m'tebulo lomaliza lija, siiona. Ma bug enieni a virtual memory amakhala kumeneko.

Page ya eni awiri

Page iliyonse ili ndi mawerengero awiri. Refcount ndi chiwerengero cha onse amene aigwira, mapcount ndi cha ma page table amene akuiloza. Aliyense woiloza waigwiranso, choncho pa page wamba refcount siyenera kuchepera mapcount. Wina akachita put_page kamodzi kopitirira, page imabwerera kwa allocator pamene PTE ina ikuilozabe. Allocator imaipereka kwa wina. Tsopano munda umodzi wagulitsidwa kwa anthu awiri, uyu akudzala chimanga, uyo mtedza, ndipo wodandaula amakhala amene wafika mochedwa. Mauthenga ake ndi Bad page state, Bad page map, ndi Bad rss-counter state amene amatuluka pulogalamu ikamatseka. Pa ma kernel atsopano kufufuza page pomasula kumadalira DEBUG_VM, choncho kernel ya distro ikakhala chete sindiye kuti zili bwino. Mzere wa page dumped because umanena chimene chapezeka, ndipo page_owner imawonjezera amene anapempha page ndi amene anaimasula komaliza.

Kuiwala put_page kulibe phokoso. MemFree mu /proc/meminfo imangotsika, koma Slab, Cached ndi AnonPages sizikwera mofanana. kmemleak siidzakuthandizani apa chifukwa imatsata za kmalloc ndi vmalloc, osati ma page otengedwa mwachindunji. Koperani /sys/kernel/debug/page_owner kawiri motalikitsa nthawi, musanje ndi page_owner_sort, muone stack imene ikunenepa.

Zolakwika zamtunduwu zimakonda kubisala m'njira zothawira, pa goto out paja, chifukwa njirazo palibe amaziyenda masiku onse. Zikakamizeni. FAILSLAB ndi FAIL_PAGE_ALLOC zimachititsa allocator kukana dala. Ikani 5 mu /sys/kernel/debug/fail_page_alloc/probability ndi -1 mu times, muone zimene zituluke.

TLB, wanjinga wosauzidwa

Kuyenda matebulo anayi pa adiresi iliyonse kukanachedwetsa zonse, choncho purosesa iliyonse imasunga mayankho aposachedwa mu TLB yake. Taganizani wanjinga amene amatula katundu wa mayi wina ku Mchini tsiku ndi tsiku. Njira anailoweza, safunsanso. Mayiyo asamukira ku Kapata, mwini nyumba wafufuta dzina m'buku lake n'kulowetsa wina, koma wanjinga palibe wamuuza. Thumba la ufa lidzatulidwa pakhomo lakale. Buku lili bwinobwino, ndipo mukalifufuza ndi gdb simudzapezamo cholakwika. Ndicho chimene chimapweteketsa mutu pa ma bug a TLB: umboni uli m'mutu mwa purosesa, kumene simungauwerenge.

Dongosolo lake silisintha. Fufutani PTE, tsukani TLB pa mapurosesa onse amene akuyendetsa pulogalamuyo, kenako masulani page. Pa x86, invlpg imatsuka purosesa imodzi yokha. Enawo amatumiziridwa IPI, uthenga wa purosesa kwa inzake, ndipo mzere wa TLB mu /proc/interrupts umawerenga maulendo amenewa. Pofufuta ma page ambiri, monga pa munmap, kernel imawasonkhanitsa mu mmu_gather n'kuwamasula kutsuka kutachitika. Aliyense womasula page payekha pakati pa tlb_gather_mmu ndi tlb_finish_mmu watsegula mpata.

Dongosolo likhoza kuoneka lolondola m'function yanu koma n'kusweka chifukwa cha loko. Mu 2018 Jann Horn anapeza zotere mu mremap, CVE-2018-18281. Khodi inkasamutsa ma PTE, n'kusiya loko wa page table, kutsuka TLB n'kubwera pambuyo. Pakampata kameneko ftruncate ya pa purosesa ina inkapeza PTE pamalo atsopano, n'kuifufuta, n'kutsuka adiresi yatsopanoyo, n'kumasula page, pamene TLB ikusungabe adiresi yakale. Mankhwala ake anali kutsuka loko asanasiyidwe.

Pali msampha wina pa PTE pomwepo. Biti 0 ndi kupezeka, 1 kulemba, 2 pulogalamu wamba, 5 accessed, 6 dirty, 63 kuletsa kuyendetsa khodi. PTE yothera ndi 067 ndi yolembeka ndipo yalembedwapo kale; yothera ndi 025 ndi yongowerenga. Mabiti 5 ndi 6 purosesa imawalemba payokha, osapempha loko kwa wina aliyense. Mukawerenga PTE, n'kuisintha, n'kuibwezera, purosesa ina ikhoza kuika dirty pakatipo inu n'kuifufuta. Kernel idzayesa page ndi yoyera, idzaitaya osailemba pa disiki, ndipo fayilo ya munthu idzabwerera mmene inalili dzulo popanda Oops iliyonse. N'chifukwa chake pali ptep_get_and_clear, imene imatenga ndi kufufuta pa sitepe imodzi yosadukiza. Pa arm64, mmene muli mafoni a Android ali m'matumba mwathuwa, malamulo ndi okhwima kuposa apa: posintha page imene PTE ikuloza mumayamba mwaifufuta ndi kutsuka, yatsopano n'kulowa pambuyo. Khodi yoyenda bwino pa laputopu ikhoza kugwa pa foni.

Mukakayikira TLB, yesani ndi -smp 1. Vuto likasowa, ikani flush_tlb_all pamalo okayikitsawo mongoyesera. Likasowanso mwayandikira, ngakhale kuti kutsuka koteroko kumasinthanso liwiro, choncho si umboni womaliza.

Loko akasiyidwa, zonse n'zakale

Page fault pa memori yatsopano imayenda chonchi: kernel yaona PTE ilibe kanthu, yapita kukapempha page, kumene ikhoza kugona kudikira, yabwera, yatenga loko wa page table. Isanalembe iyenera kuonanso PTE, chifukwa thread ina ikhoza kukhala itadzaza kale. Kuiwala pte_same pamenepa ndi bug yakale ngati mm/ yomwe. Chimodzimodzi VMA, kaundula wa chigawo chimodzi cha maadiresi a pulogalamu: handle_mm_fault ikabweza VM_FAULT_RETRY, mmap_lock wasiyidwa, ndipo pointer ya VMA imene muli nayo ikhoza kukhala ya chinthu chomasulidwa. Ifunefuneninso.

Dirty COW, CVE-2016-5195, inali ya banja lomweli, ndipo inakhala mu kernel kuyambira 2.6.22 ya 2007 mpaka Okutobala 2016. Pulogalamu inkatsegula fayilo yongowerenga ndi MAP_PRIVATE n'kulembamo kudzera pa /proc/self/mem. get_user_pages inkapanga kope la page, n'kuchotsa chizindikiro cha FOLL_WRITE poganiza kuti kope lilipo kale, n'kuyesanso. Pakatipo thread ina inkataya kopelo ndi madvise ya MADV_DONTNEED. Poyesanso paja kernel inkapeza page yeniyeni ya fayilo, ndipo poti chizindikiro cha kulemba chinali chitachotsedwa, inkaipereka. Munthu wamba n'kulemba m'fayilo ya root. Khodi yatsopano nayo siinapulumuke. Linux 6.1 itasamutsira ma VMA mu maple tree, kukulitsa stack kunkasintha mtengowo loko atagwiridwa mongowerenga, ndipo Ruihan Li anaonetsa mu 2023 kuti zimenezi zimabala use-after-free. Imeneyo ndi StackRot, CVE-2023-3269. Kuyambira 6.4 ma fault ambiri satenganso mmap_lock, amatenga loko wa VMA imodzi, choncho ndemanga yakale yonena kuti mmap_lock akutiteteza muziikayikira.

Mpikisano wotere printk imauthawitsa, chifukwa kulemba pa console kumachedwetsa purosesa. Gwiritsani ntchito trace_printk pamodzi ndi ftrace_dump_on_oops. Koma chida chimene ine ndimachiika patsogolo ndi chotchipa kuposa zonse: mdelay ya mamilisekondi 10 pakampata kamene mukukakayikira. Bug yobwera kamodzi pa tsiku ikayamba kubwera sekondi iliyonse, mwaugwira mchira. Ikapanda kusintha, ganizo lanu linali lolakwika, ndipo mwadziwa zimenezo pa mphindi zisanu.

Kuti bug ibwere msanga, panikizani memori. Tsekerani pulogalamu yoyesera mu cgroup ya memory.max ya 64M kuti reclaim ndi swap zisapume. Lembani 1 mu /proc/sys/vm/compact_memory mobwerezabwereza kuti ma page azisamutsidwa. stress-ng ndi mayeso a mu tools/testing/selftests/mm aziyenda pambali. Kenako chotsani zinthu chimodzichimodzi: swapoff -a, KSM imene imaphatikiza ma page ofanana, ndipo makamaka transparent_hugepage=never. Vuto likatha ndi chomalizachi, yang'anani kumene page ya 2 MB imaswedwa kukhala ma page 512, kapena kumene khugepaged imawaphatikiza, chifukwa khodi yambiri imaganiza kuti PMD nthawi zonse imaloza tebulo, pamene ikhoza kusanduka page yaikulu muli mkati moyenda.

Ngati kernel yakale inali bwino, git bisect. Pakati pa ma release awiri pamakhala ma commit opitirira 10,000, ndiye kuti kumanga pafupifupi ka 14. Chenjezo ndi limodzi: bug ya mpikisano ikapanda kuoneka ulendo umodzi sindiye kuti kulibe. Mukalemba good molakwika kamodzi, bisect idzakuperekezani molimba mtima kwa commit yosalakwa. Ngati bug imatenga mphindi 10 kuti ibwere, dikirani ola musananene good, ndipo sungani git bisect log m'fayilo kuti mukalakwitsa mubwerere ndi replay. Commit imene yapezeka nayonso ifunseni bwino; nthawi zina inangosintha liwiro kapena kukula kwa struct, n'kuvundukula bug ya zaka zambiri.

Patch yake kawirikawiri imakhala mizere itatu kapena isanu, koma kufotokoza kwake kumatalika. Lembani mizati iwiri, CPU0 ndi CPU1, sitepe ndi sitepe mpaka pamene memori yawonongeka. Ngati simungathe kujambula zimenezo, bug simunaimvetse, mwangoisuntha. Ikani mzere wa Fixes: wokhala ndi zilembo 12 zoyamba za commit yolakwayo kuti osamalira ma kernel a stable adziwe pofikira, dutsitsani mu scripts/checkpatch.pl, ndipo scripts/get_maintainer.pl idzakupatsani owatumizira. Kwa zaka zambiri za mm/ zakhala zikudutsa kwa Andrew Morton. Poyesa komaliza mdelay ija ikhale ikadali pamalo pake, KASAN ndi lockdep, mlonda wa maloko wa PROVE_LOCKING uja, zili zoyaka, usiku wonse ngati batire ndi malaiti zilola. Kukacha dmesg ili yoyera, chotsani mdelay, mumange kachiwiri, kenako git format-patch.